Kuika Anthu ndi Katundu M'mabogi a Tisitima Tachifaniziro: Yankho kwa Bambo a ku Kabwata

Mlungu wathawu ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Kabwata kuno ku Lusaka, ndipo ndaona kuti ndiwayankhire pano chifukwa si iwo okha amene akulimbana ndi vutoli. Bambowa ali ndi mabogi anayi onyamula anthu a tisitima tachifaniziro ta muyeso wa HO (umene umachepetsa sitima yeniyeni ka 87), amene anawagula kwa munthu wina atagwirapo kale ntchito, ndipo chimene chikuwadandaulitsa n'chakuti kasitima kawo kakamayenda panjanji, m'mazenera mumangooneka mipando yokhayokha. Anaitanitsa pa intaneti kathumba ka tianthu tokhala pansi, koma titafika tinakana kukhala bwino pamipando, mitu n'kumagunda kudenga, komanso tonse n'toyera khungu ndipo penti wake ndi wonyezimira. M'bogi limodzi anayesa kumata ndi supaguluu, ndipo kutacha anapeza magalasi onse atachita mbuu. Akufunsa kuti ayambire pati, ndiponso ngati n'zotheka kuti mabogiwo afanane ndi sitima za kwathu kuno, popeza malemu bambo awo anagwira ntchito ya njanji ku Kabwe.

Bambo, n'zotheka ndithu, ndipo palibe chimene mwawononga chimene sichingakonzeke. Koma ndikupemphani kuti tianthuto muyambe mwatiika pambali, mutenge bogi limodzi, muliike panjanji, mubwerere m'mbuyo pang'ono n'kuliyang'ana kuchokera pamene mumaima nthawi zonse. Zenera la bogi la HO kukula kwake ndi ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo chilichonse chimene mupange m'katimo chidzaonekera pakabowo kameneko, kumbuyo kwa galasi, nthawi zambiri sitima ili paulendo. Diso limaona mitu, mapewa, pamwamba pa mipando, makatani, pamwamba pa matebulo ndiponso kuwala. Nsapato, pansi ndi miyendo ya mipando siziona. Munthu akamvetsa zimenezi amadziwa poika khama lake, ndipo sataya masiku akupenta zinthu zimene denga likangotsekedwa sadzazionanso.

Funso lachiwiri limene muyenera kudziyankha musanagwire kaburashi n'lakuti sitima yanuyi ndi iti, ikuchokera kuti, ndipo ndi nthawi yanji. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa bogi limene muli anthu ongomwazikana popanda chifukwa limaoneka labodza kuposa lopanda anthu. Ngati mtima wanu uli pa TAZARA, mukukamba za njanji ya makilomita 1,860 yochokera ku New Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, imene inamangidwa kuyambira mu 1970 kufika mu 1975 ndi thandizo la dziko la China, ndipo ulendo wake umagonetsa munthu m'njira. Sitima ya Mukuba Express ili ndi zipinda zogona za kalasi yoyamba zokhala ndi mabedi anayi, za kalasi yachiwiri zokhala ndi mabedi asanu ndi limodzi, mabogi a mipando yokhayokha, ndiponso bogi lodyeramo. Mabogi anu anayiwo akukwana bwino kufanizira zonsezi. Ngati mukufuna kukumbukira malemu bambo anu, ndiye kuti mukukamba za njanji ya Zambia Railways, imene likulu lake lili ku Kabwe, yochokera ku Livingstone kudzera kuno ku Lusaka mpaka ku Copperbelt. Njanji imeneyi inafika ku Lusaka mu 1905 ndipo inafika ku Kabwe, kumene kunkatchedwa Broken Hill, mu 1906. Mukadzapeza mpata wopita ku Livingstone, kaoneni mabogi akale ku Railway Museum, muwajambule pafoni, makamaka mtundu wa makoma, mipando ndi mashelefu a katundu, pakuti chithunzi chimene mwajambula nokha chimathandiza kwambiri pamene mukusakaniza penti.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna kuti chikudetseni nkhawa. Njanji zathu, za TAZARA ndi za Zambia Railways zomwe, n'zotalikirana mamilimita 1,067, pamene kanjanji ka HO ka mamilimita 16.5 kamafanizira njanji za mamilimita 1,435 za ku Ulaya ndi ku America. Amene amafuna kulondola kwenikweni amagwiritsa ntchito kanjanji ka mamilimita 12, koma anthu ambiri okonda tisitima kum'mwera kwa Africa amangoyendetsa pa 16.5 ndipo palibe amene amawatsutsa. Chimene chikukukhudzani inu n'chakuti mabogi anu mwina ndi a ku Ulaya, choncho muwagawire ntchito potengera mmene m'kati mwawo mulili: limene lili ndi tizipinda ndi kanjira m'mbali likhale logona, limene lili ndi mipando mbali zonse ziwiri ndi kanjira pakati likhale la kalasi yachitatu.

Potsegula bogi m'pofunika kuleza mtima. Ambiri amagwidwa ndi timano ta pulasitiki tobisika m'mbali, ena ali ndi tisikuluu kunsi, ndipo ena akale denga ndi magalasi zinaumbidwa pamodzi moti zimatuluka nthawi imodzi. Musalowetsepo mpeni wachitsulo. Tengani makadi akale a pulasitiki opyapyala, mulowetse limodzi pakati pa thupi la bogi ndi tsinde lake, mulisiye pomwepo, mulowetse lina patsogolo pang'ono, mpaka timano tonse titamasuka. Pa sitepe iliyonse jambulani chithunzi, ndipo kunsi kwa mipando lembani kachizindikiro ndi pensulo kosonyeza kutsogolo, chifukwa mipando ikabwerera mozondoka imaphonyana ndi mazenera.

Tsopano za magalasi amene achita mbuu. Supaguluu akamauma amatulutsa nthunzi, ndipo m'malo otsekeka nthunziyo imakatera pagalasi, makamaka pamene pali mafuta a zala, n'kusiya choyera chija. Ngati sichinalowerere kwambiri, chotsani galasilo, mulipukute pang'onopang'ono ndi mankhwala otsukira mano oyera aja pakansalu kofewa, mulitsuke ndi madzi, kenako mulipake vanishi wamadzi woonekera, amene amakwirira timikwingwirima totsala. Chimene simuyenera kuyesa n'komwe ndi mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo kapena thinala, chifukwa zimenezi zimasungunula pulasitiki ndipo galasilo lidzatheratu. Likakanika kuyera, dulani lina kuchokera ku pulasitiki woonekera wa m'mapaketi a zinthu zogula, monga amene amaika kukolala ya shati yatsopano, mumate ndi guluu woyera wa matabwa, amene akauma saoneka.

Magalasi ali kunja, pentani m'kati. Ngati mukuganiza zodzaika magetsi, yambani ndi kupaka penti wakuda m'kati mwa makoma ndi kunsi kwa denga, chifukwa pulasitiki wa mabogi ambiri ndi wopyapyala moti kuwala kumadutsa, bogi lonse n'kumawala ndi makoma omwe. Wakudayo akauma, pakani pamwamba pake mtundu wowala: woyera kudenga kuti uzibweza kuwala pansi, ndipo m'makoma wotuwirako, wobiriwira pang'ono kapena wa khofi wamkaka, malinga ndi zithunzi zanu. Pansi pakani mtundu woderako kuti diso lisakopekere kumeneko. Mipando nthawi zambiri imabwera itaumbidwa pamodzi ndi pansi mumtundu umodzi wokha, ndipo kungoisiyanitsa ndi pansipo kumasintha bogi kwambiri ngakhale musanaikemo munthu. Gwiritsani ntchito penti wa akiriliki, wosungunula ndi madzi, wosanyezimira, ndipo ndi bwino kupaka kawiri mopyapyala kusiyana ndi kamodzi mochindikala. Kunoku m'miyezi yotentha penti ameneyu amauma pakaburashi musanamalize, choncho muzimuika pakansalu konyowa kamene mwayalapo pepala lopyapyala.

Chifukwa chimene tianthu tanu tikukanira kulowa si kulakwitsa kwanu. Muyeso wa HO ndi 1:87, kutanthauza kuti munthu wamtali mamita 1.70 amakhala mamilimita 19.5, ndipo mpando weniweni wa masentimita 45 uyenera kukwera mamilimita asanu ndi pang'ono kuchokera pansi. Koma opanga mabogi amakweza pansi kuti kunsi kukwane chitsulo cholemeretsa, magudumu ndi zolumikizira, ndiye mpando umatsala wamfupi kwambiri, ndipo makoma a pulasitiki nawonso amadya malo m'mbali. Kamunthu kolondola muyeso kakakhala pamenepo, mapazi amafika pansi matako asanakhudze mpando. N'kuthekanso kuti anakutumizirani ta muyeso wa OO, umene ndi 1:76, pamene munthu yemwe uja amakhala mamilimita 22 ndi pang'ono, pakuti ogulitsa ambiri amalemba HO ndi OO pakathumba kamodzi chifukwa miyeso iwiriyi imayenda pakanjanji kofanana. Yezani ndi rula: kamunthu ka HO kokhala pansi, kuchokera pamatako kufika pamutu, kasapitirire kwambiri mamilimita 10.

Mankhwala ake ndi kudula. Dulani miyendo m'munsi mwa mawondo, ndipo ngati mutu ukadali pamwamba kwambiri, palani kunsi ndi kumsana ndi sandipepala kufikira kamunthuko katakhala moti maso ake ali chapakati pa zenera kapena kupitirira pang'ono. Anthu ena amachita mantha kudula chinthu chimene agula ndi ndalama zawo, koma miyendoyo sidzaoneka, ndipo n'chifukwa chake makampani ena amagulitsa tianthu ta m'mabogi todulidwa kale. Njira ina imene ine ndimailimbikitsa ndi kugula tianthu ta muyeso wa 1:100, timene ojambula mapulani a nyumba amaika pazifaniziro zawo. Timeneti n'totsika mtengo, munthu wa mamita 1.70 amakhala mamilimita 17, ndipo kumbuyo kwa galasi palibe amene angazindikire kuti n'tochepa. Timathanso kukhala tiwiri pampando umodzi popanda kupanikizana. Tianthu ta makampani a ku Germany monga Preiser ndi Noch n'toumbidwa mwaluso kwambiri, koma mtengo wake ukaphatikizana ndi wotumizira umakwera, choncho mukapeza tochepa, mutiike pamazenera penipeni, totchipa tija tikhale cham'kati.

Za khungu ndi zovala, ndiye ntchito imene imasandutsa bogi la ku Ulaya kukhala lathu. Tsukani tianthuto ndi sopo wa mbale kuti mafuta achoke, mutiumitse, mumate kalikonse pakamtengo kotokosera m'mano kuti muzigwira bwino, ndipo mutipake kaye penti wotuwa wopyapyala kuti penti wina agwire. Khungu sakanizani kuchokera ku mtundu wa khofi woderako, muwonjezere kadontho kofiira ndi kachikasu, ndipo musaike wakuda, chifukwa umapha mtunduwo. Konzani mitundu itatu yosiyana pang'ono, popeza m'sitima mwathu simukhala anthu a khungu lofanana onse. Chofunika kwambiri n'chakuti mtundu umene mupake ukhale wowalirapo kuposa umene mukuufuna, chifukwa galasi ndi mthunzi wa denga zimadetsa chilichonse, ndipo nkhope yopakidwa moderatu imasowa m'bogimo n'kutsala malaya okha. Ukauma, gwirani pamphumi, pamphuno ndi m'masaya ndi mtundu womwewo wowalirako pang'ono. Maso musajambule. Pa muyeso umenewu diso la munthu ndi laling'ono kuposa nsonga ya kaburashi kalikonse, ndipo nkhope yojambulidwa maso imaoneka yodzidzimuka. Tsitsi lalitali la tianthu tachizungu lipaleni ndi kampeni, mupake khofi wakuda kwambiri, ndipo pamapeto pa zonse pakani vanishi wosanyezimira.

Mayi wa ku Ulaya wovala siketi mungathe kumuveka chitenje mosavuta. Dulani kachidutswa ka tishu, mukasiyanitse kuti katsale kansalu kamodzi kopyapyala, mukanyowetse ndi guluu woyera wothira madzi, mukakulunge kuyambira m'chiuno, n'kukanikiza ndi kaburashi konyowa kuti kapange makwinya. Duku amapangidwa chimodzimodzi, ndipo amathandizanso kubisa tsitsi lija. Mwana wa kumbuyo ndi kampira ka phula louma lokha la mitundu iwiri losakaniza, longa la Pratley limene amagulitsa m'mashopu a zipangizo zomangira, kosapitirira mamilimita atatu, ndi kampira kena kochepa pamwamba ngati mutu, kenako n'kukulunga ndi tishu kudutsa paphewa limodzi ndi kukhwapa kwina, mfundo ili pachifuwa. Maluwa a chitenje musayese kuwajambula monga alili. Pakani mtundu umodzi wolimba, monga wachikasu, wobiriwira kapena wofiirira, ukauma dontherani timadontho ta mitundu iwiri ina ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano, ndipo munthu akaima patali diso lake lidzamalizitsa lokha. Amuna ambiri avekeni mitundu yozizira, malaya oyera, abuluu kapena otuwa, wina jekete, wina kapusi, wina jezi ya mpira yobiriwira, kuti zitenje za amayi zioneke.

Kakhalidwe ka anthuwo m'bogi n'kamene ndikufuna kuti muganizire mofatsa. Tianthu mwagula tambiri, koma musadzaze mpando uliwonse. M'bogi lodzaza thothotho diso silipeza popumira, ndipo kuwala sikudutsa kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, pamene kuwala kodutsako n'kumene kumaonetsa maonekedwe a mitu ndi mapewa. Mipando itatu ikhale ndi munthu mmodzi kapena kupitirira pang'ono, kupatula bogi la kalasi yachitatu limene likhoza kufika theka kapena kuposerapo. Ndipo kumbukirani mmene anthu amakhalira paulendo weniweni. Woyenda yekha amasankha pazenera. Banja limakhala pamodzi moyang'anizana, ana ali kuzenera, wina atagwada pampando kuti aone kunja. Amayi a malonda amakhala pafupi ndi katundu wawo ndipo amayang'anana pocheza, sayang'ana kutsogolo onse ngati mmene tianthu timabwerera m'kathumba. Kuti zimenezi zitheke, mungathe kudula khosi la kamunthu ndi lezala n'kumatanso mutu utatembenukira kumbali, kapena kupala kunsi mopendekeka kuti katsamire pakhoma ngati munthu amene tulo tamugwira. Mmodzi aimirire pakanjira akuyang'ana kunja, kondakitala akhale ataweramira munthu wina poona tikiti, ndipo pakhale zenera limodzi kapena awiri opanda munthu aliyense, kuti amene ali ndi anthu aoneke.

Taganizirani zenera limodzi lokha la bogi la kalasi yachitatu, sitima itangonyamuka pa Nakonde kulowera ku Kasama. Pazenerapo pali agogo aamuna ovala chipewa, atatsamira, dzanja lili patsaya. Moyang'anizana nawo pali mayi amene wasunthira mwana kutsogolo, ndipo pambali pake, pampando, pali chikwama cha ukwa cha mizere yofiira ndi yabuluu. Pashelefu ya pamwamba pakuoneka ngodya ya thumba la mpunga. Zonsezi ndi tianthu tiwiri, kampira kamodzi ka phula ndi tizinthu tiwiri, koma munthu wa kuno akasuzumira amadziwa nthawi yomweyo kumene sitimayo ikuchokera. Mukakhala ndi mazenera atatu kapena anayi otere mbali iliyonse ya bogi, ena onse akhoza kukhala ndi anthu wamba ongokhala.

Katundu ndi wosavuta kupanga ndipo safuna ndalama. Thumba la makilogalamu 50 pa muyeso wa HO ndi pafupifupi mamilimita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi. Liumbeni ndi phula lija, mulikanikize ndi kansalu kuti lisiye timizere, ndipo mulipake loyera lotuwirako. Chikwama cha ukwa ndi kachidutswa ka pulasitiki kapena ka mtengo wofewa ka mamilimita 7, kopalidwa m'ngodya, kopakidwa koyera, kenako mizere yojambula ndi bolopeni yofiira ndi yabuluu penti atauma. Makatoni amachokera ku pepala la khaki lopindidwa, ndowa ndi kachidutswa ka chubu cha inki ya bolopeni, ndipo mpukutu wa zofunda ndi tishu wokulunga womanga ndi ulusi. Chenjezo limodzi lokha: musaike chakudya chenicheni, monga njere za mpunga kapena mapira, poganiza kuti zifanana ndi katundu, chifukwa anankafumbwe ndi mphemvu zidzalowa m'bogi lotseka ndipo mudzavutika kuzitulutsa.

Bogi lodyeramo ndi limene limabweza khama msanga, popeza matebulo ali pamazenera penipeni. Tebulo lenileni la masentimita 72 limakhala mamilimita 8, koma inu muyeze potengera zenera, kuti pamwamba pake pakhale m'munsi pang'ono mwa galasi. Nsalu ya patebulo ndi pepala loyera. Mbale ndi timadontho ta mamilimita atatu todula papepala lolimba, ndipo kadontho ka penti woyera wochindikala pakati ndi kena kofiirira pambali zikukwanira kukhala nsima ndi ndiwo. Mabotolo ndi tizidutswa ta ulusi wa pulasitiki wowedzera nsomba ta mamilimita atatu, topaka mtundu wobiriwira kapena wa khofi. Woperekera zakudya mmodzi woimirira, wovala malaya oyera, amamaliza chithunzicho. M'bogi logona anthu achepe: mabedi ndi timapepala tolimba ta mamilimita 22 m'litali ndi 7 m'lifupi, bulangeti ndi tishu wopaka utoto, ndipo mazenera ena atsekedwe ndi makatani a pepala lopindapinda, ena theka, ena onse. Pa TAZARA amuna ndi akazi amagona zipinda zosiyana pokhapokha ngati banja lalipira chipinda chonse, choncho mukatsatira zimenezi poika tianthu, amene anakwerapo adzaona kuti mwalondola.

Pomata tianthu ndi katundu, guluu woyera wa matabwa ndi wokwanira. Ikani kadontho kochepa ndi kamtengo, mudikire pang'ono kuti kayambe kunanda, kenako mukhazike kamunthuko ndi kachitsulo kopanira. Ubwino wake ndi wakuti satulutsa nthunzi yowononga galasi, ndipo mukadzasintha maganizo mungathe kuchotsa kamunthuko osathyola mpando. Musanamate, yalani onse popanda guluu, muvundikire thupi la bogi, musuzumire pazenera lililonse mbali zonse ziwiri, chifukwa kamunthu kamene kakuoneka bwino kuchokera pamwamba kakhoza kupezeka kabisika kuseri kwa nsanamira ya pakati pa mazenera. Mukamata, lisiyeni bogi lotsegula usiku wonse kuti chinyezi chituluke.

Popanda magetsi, zambiri mwa zimenezi zimaoneka masana okha, ndiye ndi bwino kuwaika, koma akhale ochepa mphamvu. Vuto limene ndimaliona kawirikawiri ndi bogi lowala mothobwa m'maso, loyera mobiriwira, moti penti yense amafwifwa. Sankhani timababu ta LED ta kuwala kofiirira pang'ono, kumene amalemba kuti warm white, ndipo titatu kapena tinayi n'tokwanira bogi limodzi. Kababu koyera kamafuna mavoti pafupifupi atatu, ndipo ngakhale kamapirira mamiliampu 20, m'bogi mamiliampu anayi ndi okwanira. Pa mavoti 12 zimenezi zikutanthauza resistor (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi) ya maomu 2,200 pa kababu kalikonse. Mukagula lamba wa LED wa mavoti 12, umene umadulidwa pa timababu titatutitatu, muuwonjezere resistor ina kuti uzizire. Ngati mphamvu mukutenga panjanji kudzera m'magudumu achitsulo, ikani bridge rectifier kuti magetsi aziyaka sitima ikamapita kutsogolo ndi m'mbuyo momwe, ndiponso capacitor ya 470 kapena 1,000 microfarad yopirira mavoti 25 kuti asamaphethire podutsa polumikizira njanji, ndipo muonetsetse kuti mwendo wake wa minus uli kolondola, pakuti ikalumikizidwa mozondoka imaphulika. Zipangizo zonsezi zimapezeka kwa okonza mawailesi ndi ma TV m'tauni muno, ndipo capacitor mungaibise m'chimbudzi cha kumapeto kwa bogi, kumene galasi lake limakhala lopakidwa loyera kale. Ngati magudumu anu ndi a pulasitiki, kabatire kozungulira ka CR2032 ka mavoti atatu ndi kaswitchi kobisika kunsi zimagwira ntchito popanda kusintha chilichonse.

Yang'aniraninso kulemera. Tianthu ta pulasitiki n'topepuka, koma phula, mawaya ndi capacitor zikachulukira kumbali imodzi kapena kudenga, bogi limapendekeka ndi kugwa pokhota. Bungwe la NMRA, la okonda tisitima tachifaniziro ku America, limalangiza kuti bogi la HO lizilemera aunsi imodzi kuwonjezerapo theka la aunsi pa inchi iliyonse ya kutalika kwake, ndiye kuti bogi la masentimita 30 likhale pafupifupi magalamu 195. Mabogi a ku Ulaya nthawi zambiri amapepukirapo kuposa pamenepa ndipo amayenda bwinobwino. Chofunika kwa inu n'chakuti mabogi anayiwo asasiyane kwambiri kulemera, cholemeracho chikhale pansi ndi pakati, ndipo injini yanu izitha kuwakoka pokwera popanda magudumu kuterereka.

Ndikulangizani kuti muyambe ndi bogi lija lawonongeka magalasi, mulisandutse logona, popeza makatani adzabisa pamene galasi silinayere bwino ndipo limafuna tianthu tochepa. Mukatero dzanja lidzakhala litazolowera pofika pa bogi lodyeramo, ndipo la kalasi yachitatu, limene lili ndi ntchito yambiri ya zitenje ndi katundu, likhale lomaliza. Musanatseke bogi lililonse, pukutani magalasi m'kati ndi kansalu kopukutira magalasi a maso, muuzire fumbi ndi kapampu osati ndi pakamwa, ndipo denga kapena thupi musalimate ndi guluu. Timano take tomwe tija tigwire, kuti kamunthu kakadzamatuka kapena kababu kakadzapsa mudzathe kutsegulanso. Fumbi la Lusaka la m'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala limalowa paliponse pamene pali mpata, choncho mabogi akakhala kuti sakuyenda muziwasunga m'bokosi lotseka, kutali ndi zenera limene limawomba dzuwa, chifukwa kutentha kumapinda pulasitiki ndi kufwifwitsa penti. Mukamaliza loyambalo, nditumizireni chithunzi chojambulidwa foni ili pamzere umodzi ndi mazenera, ndipo mundiuzenso dzina la kampani imene yalembedwa kunsi kwa mabogiwo, kuti ndidzakuuzeni bwino njira yotengera magetsi kumagudumu ake.